Mphete Zimene Achimwene Anasunga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, inu a kuno ku Chitungwiza ndi inu a kumudzi amene muwerenge izi pa foni. Ine ndine mayi a Tadiwa, ndimakhala ku Zengeza, koma kwathu ndi ku Dedza. Ambiri munamva kuti bambo a kunyumba kwanga anavulala kuntchito, ndipo ena munabwera kudzazonda, Mulungu akudalitseni. Chimene simunachidziwe n'chakuti mwendo wothyokawo sunali vuto lalikulu m'nyumba mwanga. Banja langa linatsala pang'ono kutha, ine nditapanikizika pakati pa mwamuna wanga ndi mlongo wanga wa bere limodzi, kosowa kolowera. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu ananditulutsira m'menemo.

Bambo a Tadiwa anabadwira konkuno. Agogo awo ndiwo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu, ndipo sanabwererenso. Chichewa amayankhula ndithu, koma ndi Chichewa cha kuno, chija munthu amayamba bwinobwino kenako n'kukamalizira m'Chishona osadziwa kuti wakhota pati. Titangokwatirana ndinkawaseka, iwo n'kumakwiya, amvekere Chichewa chawo n'changwiro. Pano ine ndemwe ndakhalitsa kuno, moti zilankhulo ziwirizi zimangolowa m'khutu ngati chimodzi. M'nyumba timayankhula kwambiri Chishona chifukwa ana athu, ngakhale uwafunse m'Chichewa, amayankha m'Chishona basi.

Ntchito yawo ndi yokonza zikombole za makina oumbira zidebe ndi mabeseni apulasitiki. Musaganize za chikombole cha njerwa chimene munthu amathamanga nacho m'manja. Ichi ndi chimbulumbulu cha chitsulo cholemera ngati galimoto yaing'ono, ndipo chilibe pogwira. Pofuna kuchikweza amagwiritsa ntchito mphete zachitsulo zokhuthala, zimene anzawo kuntchito amangoti maring'i. Mphete iliyonse ili ndi bawuti pansi pake. Bawutiyo amailowetsa m'bowo la mazinga limene lili pachikombolecho, kenako amakola tcheni pampheteyo, ndipo mphete imazungulira ndi kupendekeka motsata kumene tcheni ikukokera.

Izi ndimazidziwa chifukwa mwamuna wangayu sakhala chete ngakhale pa chakudya. Ankandiuza kuti bawuti iyenera kulowa yonse mpaka tsinde la mphete litakhala pachitsulo popanda kampata kolowa ngakhale chikhadabo. Ankati pomanga pali sipanala yake yaitali imene imalira ikafika pa mlingo woyenera, ndipo kumanga ndi manja chabe n'kudzinamiza. Mphete yopindika kapena ya mazinga akutha ankati ndi yotaya, osati yomvera chisoni. Ine ndinkawayankha kuti, bambo, ine ndimagulitsa tomato pageti, zamabawuti zanuzo zidzandithandiza chiyani? Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzakhala pansi n'kumaziganizira misozi ili m'maso.

Achimwene anga a Filipo ndi oyamba kubadwa kwathu. Bambo athu atamwalira ndiwo anatilera, ndiwonso nkhoswe ya ukwati wanga. Anachoka kumudzi pa ulendo wa ku Joni, koma ulendowo unakanika paboda, ndiye anatulukira pakhomo pathu ndi kachikwama kamodzi, nkhope itagwa. Chishona ankangodziwa cha moni. Bambo a Tadiwa anawalandira ndi manja awiri, n'kuwapezera ganyu kushedi kwawo yosesa ndi kunyamula zitsulo. Awiriwa anagwirizana kwambiri, ndipo mwamuna wanga ankanyadira kuti wapeza munthu wa kumudzi woyankhula naye chilankhulo cha agogo ake. M'mawa ankanyamukira limodzi, madzulo n'kubwera akuseka, ine mtima uli m'malo.

Tsiku la ngoziyo ndinali pathebulo langa la tomato pamene mnzawo wa kuntchito anafika wefuwefu, ovolosi ili ndi magazi. Anati kunabwera lole yodzatenga chikombole chimene anali atamaliza kukonza. Atachikweza kufika cha m'chiuno, mphete imodzi inazuka m'bowo mwake, chikombole chinapendama, mphete yachiwiri n'kutsatira. Bambo a Tadiwa anali pafupi, akuchiwongolera ndi dzanja. Chinawagwetsa n'kuwapana phazi ndi mwendo pasimenti, ndipo anakhala chopanidwa choncho mpaka anthu atabwera ndi majeke ndi zitsulo zotukulira. Nthawi yonseyo amene anawagwirira mutu pamiyendo, akulira ngati mwana, anali achimwene. Kuchipatala anapeza kuti mwendo wathyoka mmunsi mwa bondo, ndipo zala ziwiri za kuphazi anazichotsa.

Masiku oyambirira onse tinali pamodzi m'kulira. Zinthu zinasintha anzawo atabwera kudzazonda atatenga mphete inazuka ija. Mwamuna wanga anaitembenuza m'manja, n'kuona kuti mazinga operepeseka anali akunsonga okha, kwina konse kuli bwinobwino. Kwa munthu wodziwa ntchito yake, zimenezo zinkatanthauza kuti bawuti inangolowa pang'ono, sinamangidwe n'komwe. Anaiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo dzina la achimwene silinatulukenso pakamwa pawo, ankangoti munthu uja.

Ife timachita lendi zipinda ziwiri kuseli kwa nyumba ya Mai Rudo. Atatuluka m'chipatala, bambo a Tadiwa anagona kuchipinda chamkati ndi chikhakha chawo, ndipo achimwene anali kuchipinda china chimene timaphikiramo, momwenso mumagona ana. Pakati pa amuna awiriwa panali chitseko chimodzi, ndipo mwamuna wanga analamula kuti munthu uja asadutsepo. Akapsa mtima Chichewa chimawathawa, ndiye anandiuza m'Chishona.

"Ndakavaudza kuti vasunge. Ndikadzoka ndikavabvunza, vakati vasunga."

Ine ndinatuluka n'kukawauza achimwene m'chilankhulo chathu. Ndinati alamu anu akuti anakuuzani kuti mumange maring'i aja, ndipo atabwera n'kukufunsani munavomera kuti mwamanga. Achimwene anandiyang'ana modabwa, kenako anazyolika.

"Chemwali, mawu oti ndimange ine sindinawamve. Zimene alamu anandiuza ndinachita."

Achimwene ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo kukangana ndi wodwala m'nyumba mwake amakuona ngati mwano waukulu. Nditabwerera ndi yankho limenelo kuchipinda, mwamuna wanga anakwiya koopsa. Anati kulakwitsa aliyense amalakwitsa, akanapepesa akanawakhululukira ngakhale zala zapita. Koma munthu woti wamudyetsa, wamupezera ntchito, n'kumunamiza m'maso muli gwa kawiri konse, ameneyo sangakhale naye denga limodzi. Anandiuza kuti tsiku lokachotsa chikhakha, pobwera asadzamupeze pakhomo. Anawonjeza kuti ngati ine ndikukhulupirira mlongo wangayo kuposa mwamuna wanga, nditenge katundu wanga ndipite naye.

Abale anga, miyezi imeneyo sindifuna ngakhale mdani wanga adzaione. Ndinkaphika mphika umodzi n'kugawa mbale ziwiri, ina kulowa nayo kuchipinda, ina kuika pansi pafupi ndi achimwene amene ankakhala pachidebe chovundikira. Onse awiri ankadya mwakachetechete, osayang'ana mmwamba. Kugulitsa ndinasiya chifukwa wodwala ankafuna kumutembenuza, kumusambitsa, kumuthandiza popita kuchimbudzi, ndipo ndi thupi lawo lalikululo msana wanga unkachita kulira. Munthu wamphamvu woti akanandithandiza anali pompo kuseli kwa chitseko, manja ali lende, osaloledwa kulowa. Ana anasiya kusewera m'nyumba. Tadiwa akabwera kusukulu ankayamba wasuzumira nkhope yanga kuti adziwe ngati lero kuli koyankhula.

Mkazi zikamuvuta m'banja amathamangira kwa ankhoswe. Nanga ine ndikanathamangira kuti, poti nkhoswe yanga ndi yomweyo imene inali pamlandu, itakhala pachidebe m'khitchini mwanga? Kumpingo sindikanatha kuulula, chifukwa achimwene analibe mapepala okhalira m'dziko muno, ndipo nkhani ikalowa m'makutu ambiri siidziwika kumene ikathere. Inu mukabwera kudzazonda ndinkamwetulira, n'kumati tikuthokoza Mulungu, akupezako bwino. Mayi anga akaimba foni kuchokera kumudzi ankafunsa za wodwala, kenako n'kunena kuti akuyamika kuti ana awo awiri ali pamodzi kudziko la eni. Ndi matenda awo a kuthamanga kwa magazi, ndikanayambira pati kuwauza?

Achimwene anaona mmene ndinkaondera. Tsiku lina ndinawapeza atalongedza kachikwama kawo, amvekere bola apite kusiyana n'kundipasulira banja. Ndinawafunsa kuti mukupita kuti. Kumudzi analibe choyendera, ku Joni njira inali yotseka, kumene kunatsala n'kukagona pamalo okwerera mabasi ku Mbare, munthu wamkulu wosadziwa chilankhulo. Ndinawalanda nsapato n'kuzibisa pansi pa matiresi a ana. Koma nditalowa kuchipinda n'kuona mwamuna wanga akuyang'ana phazi lake lopereweralo, ndinadzifunsa kuti kodi ndikubisa nsapato za munthu amene walumalitsa bambo wa ana anga n'kukana?

Chimene chinkandizunza kwambiri n'chakuti onse awiri ndimawadziwa. Bambo a Tadiwa ali ndi mavuto awo, ndi ouma mutu ndipo amakonda kudzitama, koma bodza alibe. Achimwene nawo chibadwire changa sindinawamvepo akunama, ngakhale pa nkhani yaing'ono. Komabe mmodzi ankati ndinanena, wina ankati sindinamve. Ndikakhala kuchipinda ndinkakhulupirira mwamuna wanga, ndikadutsa chitseko ndinkakhulupirira mlongo wanga, ndipo pofika madzulo ndinkakhala nditadana nawo onse awiri. Ndikunena mosabisa, ndinafika pokwiyira ngakhale Mulungu.

Malo okhawo amene ndinkapumirako anali pamzere wa kumjigo. Mukudziwa mmene madzi amavutira kuno, munthu umaima ndi zidebe mpaka miyendo kuuma. Anzanga ankadandaula kutalika kwa mzere, ine ndinkalakalaka utatalikirabe. Pamenepo ndi pamene ndinkapemphera chamumtima, ndipo silinali pemphero lokoma ngati la kutchalitchi. Ndinkati, Ambuye, mwanditsekera m'kachipinda kopanda khomo. Ndikasankha mwamuna ndataya amene anandilera, ndikasankha mlongo ana anga akula opanda bambo. Ine nzeru zandithera, ngati pali chimene sindikuchiona ndionetseni chikhakhachi chisanachoke. Masabata ankapita, kumwamba kuli zii.

Tsopano ndikuuzeni za Mai Rudo, eni nyumba yathu. Mayi amenewa ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Tinakanganapo za tsiku losesa pabwalo, za ana anga kuti akuponda maluwa awo, za magetsi, za chilichonse. Ali ndi mawu oti akayankhula kutsogolo kwa nyumba, a mzere wachitatu wa nyumba amamva. Nanenso pakamwa sindine wofooka, ndiye mukhoza kuona mmene zinkakhalira. Mukanandiuza kuti nditchule anthu amene Mulungu angawatume kwa ine, ndikanatchula abusa, amayi a mapemphero a Lachinayi, ngakhale kondakitala wa minibasi zija timati kombi, koma osati Mai Rudo.

Sabata yokachotsa chikhakha itakwana, ine ndinali nditasiya kudya, osati chifukwa chosala koma chakudya sichinkatsika. M'mawa wina madzi anatulukira mwadzidzidzi pampopi, ndipo pabwalo ponse panali yakaliyakali, aliyense akuchapa asanathenso. Chingwe choyanikira cha Mai Rudo chinaduka ndi kulemera kwa mabulangete. Analowa m'nyumba n'kutulutsa china chatsopano, ndipo anaona achimwene atakhala pakhonde, opanda nsapato. Ine ndinali chowerama pabeseni langa, ndipo ndinamva Mai Rudo akuwapatsa chingwecho, akuyankhula m'Chishona.

"Sekuru, ndisungireiwo tambo iyi."

Achimwene anachilandira ndi manja awiri n'kuvomera mwaulemu. Ine sindinaganizepo kanthu, ndinapitiriza kuchapa. Patapita nthawi Mai Rudo anabwera ndi beseni lodzaza ndi zovala zonyowa pamutu, n'kupeza mitengo iwiri yomangapo chingwe ili chiimire, chingwe palibe. Anatsitsa beseni pansi mwamphamvu, mawu aja n'kuyamba.

"Sekuru! Tambo iripi? Handina kuti sungai here?"

"Ndasunga, mayi," anatero achimwene. Anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi chingwe chija atachikulunga bwinobwino, atachiika m'kajumbo kuti chisade. "Nachi, sichinasowe."

Mai Rudo anagwira m'chiuno n'kutembenukira kwa ine. Anandifunsa m'Chishona ngati mlongo wangayu mutu wake ukuyenda bwino, poti iwo amuuza kuti amange chingwe pamitengo, iye wakachibisa m'chikwama, kenako n'kumaumirira kuti wamanga.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe monga mwa nthawi zonse, koma liwu limodzi linandigunda m'khutu. Kusunga. M'Chishona kusunga ndi kumanga, kulimbitsa chinthu kuti chisasunthe. Kwathu kusunga ndi kusamala chinthu kuti chisasowe. Ine ndemwe mawu amenewa ndimawagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri tsiku ndi tsiku osaganizapo n'komwe. Mwamuna wanga atandiuza m'Chishona kuti vasunge, khutu langa linamva bwino, pakamwa panga n'kukapereka kwa achimwene kuti mumange, ndipo mawu enieni amene anayankhulidwa kushedi kuja anatayika pachitseko pomwepo. Ndinakhala pansi m'matope a sopo. Ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, Mai Rudo amvekere banja lonseli ndi lamisala.

Ndinalowa kuchipinda manja ali thovu lokhalokha. Ndinawapempha bambo a Tadiwa kuti andiuze mawu amene anayankhula tsiku lija, osati tanthauzo lake, koma mmene anatulukira pakamwa, m'chilankhulo chimene anayankhulira. Anandiyang'ana mokwiya, koma anayankha.

"Ndinayankhula Chichewa chomveka bwino. Ndinati, alamu, ndikukalandira lole kugeti, musunge maring'i awa bwinobwino. Sipanala ndinawasiyira pamwamba pa chikombole pomwepo. Nditabwera ndinafunsa kuti mwasunga? Anati ndasunga."

Kwa nthawi yoyamba ndinaphwanya lamulo lawo. Ndinatsegula chitseko n'kuitana achimwene. Anaima pakhomo, akuopa kuponda mkati, chingwe cha Mai Rudo chikadali m'manja. Ndinati, achimwene, alamu anu atakuuzani kuti musunge maring'i, inu munatani? Fotokozani zonse, musasiye kanthu.

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Anati alamu anali atalowetsa mphetezo m'mabowo ndi manja asanapite kugeti. Masiku ammbuyomo anali atawauza kuti mphete zimenezi n'zodula ndipo zimabedwa, ndipo tsikulo kunja kwa shedi kunkazungulira anthu ogula zitsulo zakutha. Ndiye iwo anakhala pafupi ndi chikombolecho n'kumalondera. Lole itachedwa, anafuna kupita kuchimbudzi, ndipo anaona kuti sangasiye katundu wa eni pambalambanda. Anamasula mphete zonse n'kuziika m'matumba a ovolosi, sipanala ija n'kuitsekera m'bokosi. Atamva lole ikulowa anazibwezera m'mabowo mwake mofulumira, kungopotokola pang'ono kuti ziime monga anazipezera. Iwo ankadziwa kuti kumanga ndi sipanala yolira ija ndi ntchito ya amisiri, ndipo ankaganiza kuti alipo amene adzamange tcheni isanakoledwe.

Kunja Mai Rudo anali akulalatabe za chingwe chawo. Mwamuna wanga anayang'ana kudenga, kenako ananena chapansipansi mawu a Chishona otanthauza kusamala chinthu, aja amati kuchengeta. Anati agogo awo ankayankhula ngati achimwene, ankati sunga ndalama, sunga mbewu, ndipo iwo ankamva bwinobwino. Anati pobwera kugeti anaona sipanala palibe pamwamba paja, n'kuganiza kuti ntchito yatha, chida chabwezedwa.

Ine ndinkayembekeza kuti achimwene apumira mmwamba poti dzina lawo layera. Sizinatero. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene ankamvetsa. Miyezi yonseyi iwo ankakhulupirira kuti panali mmisiri wina amene anaiwala ntchito yake, ndipo iwo akungonamiziridwa. Tsopano anazindikira kuti kumasula kwawo kuja, kusamala kwawo konse kuja, ndi kumene kunazula mphete. Chingwe chinagwa m'manja mwawo. Anagwada pakhomo pomwepo, bambo wamkulu wa imvi, n'kugwira kumutu.

"Ndiye kuti ndine ndithu. Alamu, zala zanu ndadula ndine."

Zimene zinachitika kenako sindidzaziiwala mpaka tsiku langa lomaliza. Bambo a Tadiwa, amene kutsika pabedi ankadikira kuti ndiwanyamule, anadzikoka okha n'kutsetserekera pansi, chikhakha chikukhukhuluzika pasimenti. Anakwawa chokhala mpaka pakhomo n'kuwagwira achimwene mapewa. Anayankhula Chichewa chawo chokhotakhota chija, koma tsiku limenelo sindinaseke.

"Alamu, dzukani. Mutemo wa ntchito yathu umati wokweza katundu ndiye amagwira ring'i iliyonse ndi dzanja lake asanakweze. Ine ndinafunsa ndi pakamwa chifukwa dalaivala ankaliza hutala. Inu munachita zimene munamva. Ine ndakutchulani wabodza m'nyumba mwa mlongo wanu, ndikhululukireni."

Amuna awiri akuluakulu analira atagwirana pansi pamenepo, ine nditaima pamwamba pawo ndi diresi lamatope. Madzulo ake mwamuna wanga anapempha madzi osamba, n'kunena kuti mayi a Tadiwa apumule, andithandize alamu. Ndinakhala panja n'kumamva akuyankhulana m'bafa, wina akuti gwirani apa, wina akuti pepani. Tsiku limenelo ndinadya mpaka ana anadabwa.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Zala zija sizinamerenso, bambo a Tadiwa amayenda motsimphina, ndipo kukazizira mwendo umawawa. Achimwene mpaka lero akaona phazilo amayang'ana kumbali. Koma tonse tili pakhomo limodzi, ndipo awiriwo anabwerera kuntchito. Anzawo amandiuza kuti masiku ano mwamuna wanga safunsanso munthu ngati wamanga. Amatenga sipanala yekha n'kuyendera mphete iliyonse mpaka ailize, amaizunguza ndi dzanja kuti aone ngati ikuyenda momasuka, ndipo amayamba wakweza katunduyo pang'ono chabe n'kudikira. Powongolera amagwiritsa ntchito chingwe ataima patali, ndipo dalaivala woliza hutala amamuuza kuti akafuna alize mpaka mawa. Akamuuza munthu chochita, amamuuza kuti abwereze zimene wamva, kenako amuonetse ndi manja.

Mai Rudo ndinawafotokozera zonse tsiku lomwelo, n'kuwauza kuti Mulungu wawagwiritsa ntchito. Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso atafiira pang'ono, kenako anafunsa kuti nanga zovala zawo ayanika pati. Achimwene anatuluka n'kukamanga chingwecho mfundo zolimba zoti mpaka lero palibe amene watha kumasula. Ine ndi mayi amenewa timakanganabe za maluwa, koma ndikaphika chabwino mbale yawo imapita.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaona misozi yanga pamzere wa kumjigo pamene ine ndinkati wandiiwala. Ndikuthokoza inu nonse amene munatipempherera osadziwa kukula kwa chimene munkapempherera. Kwa abambo ndi achinyamata amene mumakweza zitsulo zolemera, ine wogulitsa tomato ndikukupemphani, musakweze katundu chifukwa choti wina wavomera kuti inde. Pitani mukagwire nokha, kunyumba kuli anthu amene akukudikirani.

Ndipo kwa iwe mchemwali wanga, kapena iwe mchimwene, amene wapanikizika pakati pa anthu awiri amene umawakonda, ndipo mbali zonse ukuona khoma, usafulumire kutaya mmodzi. Pemphera ngakhale pemphero lako likhale lokwiya ngati langa lija, Iye amamva ndithu. Ine ndinkadikira yankho kuchokera kuguwa, koma linabwera ndi mayi wolalata atasenza beseni la zovala zonyowa, kutatsala pang'ono kuti ndipirikitse munthu wosalakwa kapena kusiya ukwati wanga. Limba mtima, usatope. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.